TIDZIWE MAIKO ENA: ULENDO WA CROATIA WOLOWA M'BUNGWE LA MAIKO A KU ULAYA

Anyamata okonda mpira wa miyendo simungawafunse kawiri za Croatia. Adzakuuzani za malaya a timabokosi tofiira ndi toyera, za Davor Šuker amene adagoletsa zigoli 6 pa mpikisano wa dziko lonse wa 1998, ndiponso za Luka Modrić amene adatsogolera timuyi mpaka ndime yotsiriza m'chaka cha 2018, kumene idagonja ndi France 4-2. Koma mukawafunsa kuti dzikoli lili pati, kapena kuti lidayamba liti kudzilamulira, ambiri amangokanda m'mutu. M'nkhani ino tikufuna tione mbali imene sioneka pa bwalo la mpira: momwe dziko laling'onoli lidavutikira kuti lilowe m'bungwe la European Union, malo ake okongola amene amakoka alendo, ndi zimene kulowako kwabweretsa, zokoma ndi zowawa zomwe.

Dzikoli lili kuti?

Croatia ili kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya, m'mbali mwa nyanja yamchere ya Adriatic, kutsidya kwa Italy. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 56,594, ndiye kuti pafupifupi theka la Malawi, ndipo anthu ake safika 4 miliyoni. Likulu lake ndi mzinda wa Zagreb. Pa mapu dzikoli limaoneka lopindika ngati chikwakwa. Mbali imodzi ndi chigwa chachonde cha Slavonia kumene amalima tirigu ndi chimanga, pamene mbali inayo ndi gombe lalitali lamiyala lokhala ndi zilumba zoposa 1,000. Mwa zilumba zonsezi, zokhala anthu ndi pafupifupi 50 zokha. Anthu ambiri a mtundu wa Chikroati ndi Akatolika, pamene anansi awo a mtundu wa Chisebu, ena mwa iwo okhala m'Croatia momwemo, ndi a mpingo wa Orthodox.

Kubadwira m'nkhondo

Kufikira chaka cha 1991, Croatia idali chigawo chimodzi mwa zigawo zisanu ndi chimodzi za dziko la Yugoslavia. Zinazo zidali Serbia, Slovenia, Bosnia ndi Herzegovina, Montenegro ndi Macedonia. Mtsogoleri wachikomyunizimu, Josip Broz Tito, adagwirizira mitundu yonseyi pamodzi ndi dzanja lolimba, koma atamwalira m'chaka cha 1980 mng'alu udayamba kuoneka. Mu Meyi 1991 anthu a ku Croatia adavota kuti achoke mu Yugoslavia, ndipo pa 25 Juni chaka chomwecho adalengeza ufulu wawo.

Aserbu okhala m'Croatia, omwe adali pafupifupi 12 mwa anthu 100 alionse, ambiri sadagwirizane nazo. Adaopa kusanduka alendo m'dziko lobadwira. Mothandizidwa ndi gulu lankhondo la Yugoslavia, adalanda pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzikolo. Mzinda wa Vukovar udazingidwa masiku 87 mpaka udasanduka bwinja mu Novembala 1991. Luka Modrić, amene timamuona pa kanema lero, adali ndi zaka 6 nthawi imeneyo. Agogo ake aamuna adaphedwa, ndipo banja lawo lidathawira ku Zadar kumene lidakhala zaka zingapo mu hotela ya anthu othawa nkhondo.

Nkhondoyi idatha m'chaka cha 1995 pamene asilikali a Croatia adalandanso madera ambiri aja m'masiku ochepa a mwezi wa Ogasiti. Kwa Akroati chidali chipambano chachikulu, koma Aserbu oposa 150,000 adathawa kusiya nyumba ndi minda, ndipo ena mwa okalamba amene adatsalira adaphedwa. Chigawo chotsiriza, cha kum'mawa kwa Slavonia, chidabwerera mwamtendere mu Januwale 1998 pansi pa uyang'aniro wa bungwe la United Nations. Anthu pafupifupi 20,000 adafa pa nkhondo yonseyi. Tisaiwale zimenezi, chifukwa zopinga zambiri zimene Croatia idakumana nazo pambuyo pake zidachokera m'zaka zimenezi.

Kodi bungweli n'lotani, ndipo dziko limalowamo bwanji?

Ife kuno timadziwa bungwe la SADC lomwe dziko lathu lili membala. European Union, yomwe mwachidule amati EU, ndi mgwirizano wa mtundu womwewo koma wozama kwambiri. Idayamba m'chaka cha 1951 ndi maiko asanu ndi limodzi amene adagwirizana kuyendetsera pamodzi malonda a malasha ndi zitsulo, pofuna kuti France ndi Germany asadzamenyanenso. Lero maiko a m'bungweli ali ndi msika umodzi. Katundu, ndalama ndi anthu zimayenda popanda chotchinga, kotero kuti nzika ya dziko limodzi ikhoza kukagwira ntchito kapena kukaphunzira m'dziko lina lililonse la m'bungwemo. Maiko olemera amaponya ndalama zambiri m'thumba limodzi, ndipo madera osauka amatapamo zomangira misewu, milatho ndi sukulu.

Kulowamo sikuli ngati kulembetsa kalabu ya masewera. M'chaka cha 1993, ku Copenhagen, atsogoleri a bungweli adaika mfundo zitatu. Choyamba, dziko lofuna kulowa likhale la demokalase, lolemekeza malamulo, ufulu wachibadwidwe ndi mitundu ya anthu ochepa. Chachiwiri, chuma chake chikhale chotha kupikisana pa msika. Chachitatu, lilandire malamulo onse a bungweli ndi kuwatsata. Kwa Croatia malamulowa adagawidwa m'mitu 35, kuyambira za ulimi, usodzi ndi ukhondo wa chakudya mpaka za makhoti. Mutu uliwonse umatsegulidwa ndi kutsekedwa pokhapokha maiko onse a m'bungwemo atavomera. Ndiye kuti dziko limodzi, ngakhale laling'ono bwanji, likhoza kuimitsa ulendo wonse.

M'zaka za m'ma 1990 khomo lidali lotseka, chifukwa maiko a ku Ulaya sankakondwa ndi momwe boma la Pulezidenti Franjo Tuđman linkachitira ndi atolankhani ndiponso Aserbu ofuna kubwerera kwawo. Tuđman adamwalira mu Disembala 1999, ndipo boma latsopano lomwe lidasankhidwa mu 2000 lidayamba kugogoda. Croatia idapereka pempho lake mu Febuluwale 2003, nivomerezedwa mu Juni 2004 kuti iyambe kukonzekera. Chaka chomwecho maiko khumi, kuphatikizapo mnansi wake Slovenia, adalowa m'bungwemo. Croatia idatsala panja zaka zina zisanu ndi zinayi.

Minga itatu ya panjira

Munga woyamba udali munthu mmodzi, mkulu wa asilikali wotchedwa Ante Gotovina. Bwalo la milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia, lomwe lidali ku The Hague, lidamuimba mlandu m'chaka cha 2001 pa zimene zidachitikira Aserbu mu 1995. Iye adathawa nabisala. Kwa Akroati ambiri Gotovina adali ngwazi yowombola dziko, ndipo zithunzi zake zidali m'misewu. Koma EU idanenetsa kuti popanda kuthandiza bwalolo palibe zokambirana. Zokambirana zimene zidayenera kuyamba mu Malichi 2005 zidaimitsidwa, ndipo zidayamba pa 3 Okutobala bwalolo litakhutira kuti boma likumufunadi. Mu Disembala chaka chomwecho adagwidwa pa chilumba cha Tenerife. Mu 2011 adagamulidwa zaka 24, koma atachita apilo adamasulidwa mu Novembala 2012. Funso limene Akroati adalimbana nalo lidali lowawa: kodi amene akudzitchinjiriza kwawo angalakwenso pa nkhondo? Kuvomera kuti khoti liweruze asilikali awo chidali chinthu chimene ambiri adameza movutika.

Munga wachiwiri udali malire. Pamene Yugoslavia idali dziko limodzi, panalibe amene adalemba mzere pa nyanja pakati pa Slovenia ndi Croatia. Atapatukana, adayamba kulimbirana kachigawo ka madzi kotchedwa Piran, chifukwa Slovenia, yomwe gombe lake ndi lalifupi, inkafuna njira yotulukira ku nyanja yaikulu. Popeza idali kale m'bungwemo, mu Disembala 2008 idatseka zokambirana za Croatia kwa miyezi pafupifupi khumi. Nduna zazikulu za maiko awiriwa, Jadranka Kosor ndi Borut Pahor, zidagwirizana mu 2009 kuti nkhaniyo ikagamulidwe ndi oweruza apadera, ndipo njira idatseguka. Chigamulo chidatuluka mu 2017, koma Croatia idachikana ponena kuti panali zachinyengo pa kayendetsedwe ka mlanduwo.

Munga wachitatu udali wa m'nyumba momwe: ziphuphu. EU idafuna kuona kuti makhoti angathe kugwira nsomba zikuluzikulu, osati timatemba tokha. Mu Julayi 2009 nduna yaikulu Ivo Sanader, amene adatsogolera dzikolo pa chiyambi cha zokambiranazi, adatula pansi udindo mwadzidzidzi. Mu Disembala 2010 adagwidwa ku Austria akuthawa, nabwezedwa kwawo, ndipo pambuyo pa milandu ya zaka zambiri adapezeka wolakwa nakakhala m'ndende. Munthu yemweyo amene ankalonjeza ku Brussels kuti adzathetsa ziphuphu ndi amene lamulo lidamugwira.

Padalinso mtengo wina umene anthu wamba adalipira. Mafakitale opanga sitima zapamadzi, omwe adalemba ntchito anthu zikwizikwi m'mizinda ya m'gombe, ankakhalira ndalama za boma. Malamulo a EU salola boma kumangothandiza kampani yolephera, choncho adayenera kugulitsidwa kapena kutsekedwa. Fakitale yakale ya Uljanik ku Pula, ngakhale idapulumuka poyamba, idagwa m'chaka cha 2019.

Tsiku lolowa

Zokambirana zidatha pa 30 Juni 2011, ndipo pangano lidasainidwa pa 9 Disembala. Pa 22 Januwale 2012 anthu adafunsidwa maganizo awo. Mwa amene adavota, 66 mwa 100 alionse adati inde, koma amene adapita kukavota sadafike theka la olembetsa. Anthu adali atatopa ndi kudikira, ndiponso nthawi imeneyo chuma cha ku Ulaya chidali pa mavuto aakulu. Pa 1 Julayi 2013 Croatia idakhala membala wa 28, patatha zaka khumi chiperekere pempho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulendowu udafika kumapeto enieni pa 1 Januwale 2023. Tsiku limeneli dzikoli lidasiya ndalama yake ya kuna n'kuyamba kugwiritsa ntchito euro, pa mtengo wa makuna 7.5345 pa euro imodzi. Dzina loti kuna ndi la kanyama ka m'nkhalango komwe zikopa zake makolo awo ankalipirira msonkho. Tsiku lomwelo zipata za m'malire ndi Slovenia ndi Hungary zidachotsedwa, kotero kuti munthu wochokera ku Germany amafika ku gombe la Croatia pa galimoto osaonetsa pasipoti paliponse.

Malo okoka alendo

Tsopano tione chimene alendowo amadzera. Chaka chilichonse dzikoli limalandira alendo pafupifupi 20 miliyoni, kasanu kuposa eni dziko, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chake limachokera kwa iwo.

Malo otchuka kuposa onse ndi Dubrovnik, kumapeto kwenikweni kwa gombe chakum'mwera. Mzinda wakalewu ndi wozingidwa ndi linga la miyala lotalika pafupifupi makilomita awiri, ndipo munthu amatha kuyenda pamwamba pake kuzungulira mzinda wonse, nyanja mbali iyi, madenga ofiira mbali iyo. Kwa zaka mazana ambiri udali dziko palokha lotchedwa Ragusa, lomwe linkadziteteza ndi malonda ndi nzeru zokambirana koposa ndi mikondo, mpaka asilikali a Napoleon adalithetsa mu 1808. M'chaka cha 1377 mzindawu udalamula kuti ochokera kumadera a mliri aziyamba akhala kwaokha masiku 30 asadalowe, ndipo mu 1416 udaletsa malonda a akapolo. M'nyumba ya a Franciscan muli sitolo ya mankhwala yomwe idayamba mu 1317 ndipo ikugulitsabe mpaka lero. Pa 6 Disembala 1991 mabomba adagwa pa mzindawu tsiku lonse. Ukayang'ana madenga uli pa linga, umaona kuti ambiri ndi ofiira kowala pamene ochepa ndi ofiirira mwakale. Owalawo ndi amene adafoleredwa nkhondo itatha.

Kale munthu wopita ku Dubrovnik pa msewu ankayenera kudutsa kachigawo ka dziko la Bosnia ndi Herzegovina pa tauni ya Neum, kuonetsa pasipoti kawiri pa mtunda wa makilomita 9 okha. Mu Julayi 2022 adatsegula mlatho wa Pelješac, wotalika makilomita 2.4, wolambalala malowo. EU idalipira 85 mwa magawo 100 a ndalama zake, ndipo idamanga ndi kampani ya ku China. Mukafuna chipatso chooneka ndi maso cha umembala uja, ndi chimenechi.

Chakumpoto pa gombe lomwelo kuli mzinda wa Split, umene ophunzira mbiri ya Aroma angaukonde. Mfumu Diocletian, yomwe idalamulira kuyambira 284 mpaka 305, idabadwira m'dera limeneli, ndipo idamanga nyumba yachifumu yaikulu ngati mudzi yoti ikapumiremo. Mbiri imati pamene anzake adampempha kuti abwerere pa mpando, iye adakana ponena kuti akadaona kabichi amene adalima ndi manja ake sakadamuvutitsa. Patapita zaka mazana atatu, anthu othawa nkhondo ochokera mu mzinda wapafupi wa Salona adalowa m'makoma ake namangamo nyumba, ndipo kufikira lero anthu akukhalamo, kugulitsa ndi kuyanika zovala pakati pa zipilala za Aroma. Chodabwitsa n'chakuti Diocletian ndi amene adayambitsa chizunzo choopsa cha Akhristu mu 303, koma nyumba imene adamanga kuti ikhale manda ake ndiyo idasanduka tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Chimadziwika ndi dzina la Domnius Woyera, episkopi wa ku Salona amene adaphedwa pa chizunzo chomwecho.

Kutali ndi nyanja, pakati pa mapiri, kuli nkhalango yotetezedwa ya Plitvice. Kumeneko kuli nyanja zing'onozing'ono 16 zosanjikizana ngati makwerero, iliyonse ikuthira madzi mu inzake ya m'munsi. Amene adamanga madamu ake si munthu. Madzi a kumeneko amadutsa m'miyala ya laimu nasungunula laimuyo, kenaka amamusiya pa ndere ndi timitengo togwera m'madzi. Pang'onopang'ono nderezo zimauma n'kusanduka mwala, zina zimamera pamwamba pake, ndipo khoma limakwera chaka ndi chaka. Mathithi aakulu kuposa onse ndi otalika mamita 78. M'nkhalangomo muli zimbalangondo ndi mimbulu. Malowa adatetezedwa mu 1949, ndipo mu 1979 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, chaka chimodzi ndi Dubrovnik ndi Split. Pamalo okongola ameneŵa ndi pomwe padagwa anthu oyamba a nkhondo ija, tsiku la Pasaka, pa 31 Malichi 1991.

Ku Pula kuli bwalo lamasewera la Aroma lomangidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo makoma ake akunja adakali chiimire. Ku Zadar, mu 2005, adaika mipope pansi pa makwerero a pa gombe, ndipo mafunde akamakankha mpweya m'mipopemo pamamveka nyimbo ngati ya limba la m'tchalitchi, yoimbidwa ndi nyanja yokha.

Walira mvula walira matope

Kodi tsono Akroati adapindula? Misewu, milatho, mtendere ndi anansi, ndiponso alendo ochuluka, zonsezi zilipo. Koma khomo likatseguka silisankha kuti uyu alowe, uyu asatuluke. Ufulu womwe uja wogwira ntchito kulikonse udatenga achinyamata zikwizikwi, pamodzi ndi madokotala, anamwino ndi amisiri, kupita nawo ku Germany, Austria ndi Ireland kumene malipiro ndi okwera. Kalembera wa 2011 adapeza anthu 4.28 miliyoni. Wa 2021 adapeza 3.87 miliyoni. M'zaka khumi dziko lidachepa ndi anthu pafupifupi 400,000, ena chifukwa chosamuka, ena chifukwa ana obadwa ndi ochepa kuposa anthu omwalira. Kumene kudakhudzidwa kwambiri ndi ku Slavonia, chigawo chachonde chija, kumene midzi ina yatsala ndi agogo okha. Lero mahotela ndi makampani omanga amaitana antchito kuchokera kutali monga ku Nepal, India ndi Philippines.

Ngakhale alendo omwe ali ndi matope awo. M'kati mwa linga la Dubrovnik munkakhala anthu pafupifupi 5,000 nkhondo isadayambe, koma tsopano safika 2,000, chifukwa nyumba zambiri zidasanduka zogona alendo ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Sitima zikuluzikulu zinkatsitsa anthu zikwi zambiri nthawi imodzi m'tinjira topapatiza, mpaka akuluakulu a mzinda adachepetsa chiwerengero cha sitima zofika pa tsiku. Ndipo mliri wa Covid-19 utatseka malire mu 2020, dzikoli lidaona kuopsa kodalira kwambiri ntchito imodzi.

Chilowere Croatia, palibe dziko lina limene lalowa m'bungweli. M'malo mwake Britain idatuluka mu 2020, n'kutsala maiko 27. Anansi ake monga Montenegro, yomwe idayamba zokambirana mu 2012, ndi Serbia, yomwe idayamba mu 2014, adakali panjira imene Croatia idadutsa.

Awerengi okondedwa, pa ulendo wonsewu chovuta kwambiri sichidali kulemba malamulo atsopano. Chidali kupereka ngwazi ya dziko ku khoti, kukhala pansi ndi mnansi wolimbirana naye malire, ndi kumanga mtsogoleri wakuba ngakhale adali wa pamwamba. Zinthu zimenezi dziko liyenera kuchita ngakhale palibe bungwe lolikakamiza, koma Croatia idazichita msanga chifukwa idali ndi chimene inkafuna. Ntchito imene yatsala palibe bungwe lingaichitire dziko: kupanga kuti mnyamata wa ku Slavonia akamaliza sukulu aone chifukwa chokhalira kwawo. Tsiku lina mukadzaona malaya a timabokosi tofiira ndi toyera aja akulowa m'bwalo, mudzakumbukire kuti ambiri mwa ochemerera m'bwalomo abwera kuchokera ku Munich, Vienna ndi Dublin, kumene adapita kukafuna ntchito.